Foni Ikamalankhula, Makutu Amachuluka

Mu minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba, kapena pabenchi ya ejenti wa Mpamba pamsika wa Lunzu, nthawi zina mumamveka kaliwu ka Chingerezi kothamanga ngati munthu wothawa mvula, kakuchokera m'foni ya bambo amene chala chake chikuyendayenda pagalasi. Okhala nawo pafupi amayang'anizana. Bamboyo saona, ndipo akuwerenga mameseji ake monga amachitira wina aliyense, kungoti iye akuwerenga ndi makutu.

Chovuta n'chakuti makutu amene akumva si ake okha. Malangizo ambiri oteteza foni analembedwa ndi anthu openya polembera openya anzawo: yang'anitsitsa nambala, phimba galasi ndi dzanja, cheuka uone ngati wina akusuzumira. Kwa munthu wosaona chinsinsi chimatulukira pa zipata zina ziwiri, liwu la foni yake ndi dzanja la amene akumuthandiza. Mafunso ali m'munsiwa akuzungulira pa zipata zimenezi.

Kodi munthu wosaona amaigwira bwanji foni imene ndi galasi lokhalokha?

Amadalira pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pasikirini. Pa iPhone dzina lake ndi VoiceOver, imene kampani ya Apple inaiika koyamba m'foni mu 2009, pa iPhone 3GS. Pa mafoni a Android, monga Samsung, Tecno, itel ndi Infinix, pali TalkBack ya Google, yomwenso inatuluka chaka chomwecho. Izi zisanabwere, osaona amene anali ndi kangachepe ankagula Nokia ya Symbian n'kulipiranso padera pulogalamu ya Talks kapena Mobile Speak. Lero liwulo limabwera laulere.

Pulogalamuyi ikayaka, foni imasintha khalidwe. Kukhudza kamodzi sikutsegula kanthu, foni imangotchula dzina la chimene chala chafikapo. Kuti chitseguke, munthu amagogoda kawiri mofulumira pena paliponse pagalasi. Akakokera chala chimodzi kumanja liwu limapita pa chinthu chotsatira, akakokera kumanzere limabwerera. Kutsitsa tsamba kumafuna zala ziwiri pa Android, zitatu pa iPhone. Wongoyamba kumene amatuluka thukuta sabata yoyamba, koma ozolowera amakweza liwiro la mawuwo mpaka wopenya sangatolepo kanthu.

Pa mafoni ambiri a Android, TalkBack imayaka kapena kuzima munthu akakanikiza mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu, bola njira yachiduleyo ikhale kuti inatsegulidwa mu Settings, pa gawo la Accessibility. Pa iPhone amakonza kuti iziyaka akakanikiza batani la m'mbali katatu, kapena amangouza Siri. Njira yomweyi ndi imene imazunguza mitu openya: TalkBack ikayaka mwangozi m'thumba, ena amathamangira kwa okonza mafoni kuti yalowa vayirasi, pamene nthendayo ikanachira ndi zala ziwiri.

Bwanji osangokhala ndi foni ya mabatani, poti mabataniwo amamveka ndi chala?

Pa kuimba ndi kuyankha, foni ya mabatani ilibe inzake. Batani la 5 lili ndi kadontho kotukuka, ndipo chala chikapeza kadonthoko manambala ena onse amadziwika pamene ali. Batire imakhala masiku, mtengo ndi wofikirika, wakuba saiyang'ana kawiri. Pali osaona amene analoweza ndondomeko yonse ya *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba: nambala iyi, kenako iyi, kenako ndalama, kenako PIN, osamva kalikonse kuchokera m'foni.

Kulowezako kumathandiza mpaka tsiku limene kampani yasintha mndandanda wake. Ikangolowetsa chinthu chatsopano pakati, nambala imene dzulo inali yogulira mayunitsi lero yakhala ya china. Ndipo meseji yotsimikizira ikafika, mafoni ambiri oterewa satha kuiwerenga mokweza, choncho mwini wake amapatsira wina kuti amuwerengere. Wowerengayo waona ndalama zimene zatsala, waona amene watumiza, ndipo atafuna kunama palibe womutsutsa. Apa m'pamene foni yotchipa imadula.

Wofuna kugula foni yolankhula ayang'ane chiyani?

Asaigule ili m'bokosi. Iyatsidwe m'sitolo momwemo, TalkBack imveke, ayese kutsegula meseji ndi kuimba. Mafoni ena otsika mtengo amabwera opanda TalkBack, ndipo imayenera kutengedwa pa Play Store pansi pa dzina lakuti Android Accessibility Suite. Foni ya mphamvu zochepa imachedwa kuyankha chala, zimene zimapweteka potumiza ndalama, chifukwa mndandanda wa nambala za nyenyezi zija, monga *211#, sudikira munthu: akachedwa pang'ono umadzitseka, n'kuyambiranso pa chiyambi.

Zina ziwiri ndi zazing'ono koma zolemera. Malo oika chidindo cha chala akhale kumbuyo kwa foni kapena pa batani la m'mbali, pamene chala chimapapeza chokha, osati pansi pa galasi pamene palibe chofufuza. Ndipo ikhale ndi kabowo ka mahedifoni a waya, amene safuna kutchaja ndipo amapezeka pa benchi iliyonse ya mumsika.

Kodi foni imalankhula Chichewa?

Ndi mawu amene imabwera nawo, ayi. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma kumasulira ndi kutchula ndi ntchito ziwiri. TalkBack ndi VoiceOver zimawerenga meseji ya Chichewa ndi lilime la Chingerezi, moti "mwadzuka bwanji" amamveka ngati akunena mlendo wongotsika ndege pa Chileka. Khutu limazolowera, ndipo wofuna katchulidwe koyandikira kwathu akhoza kuika pulogalamu yaulere ya eSpeak pa Android n'kusankha liwu la Chiswahili. Limamveka ngati loboti, koma a, e, i, o ndi u limawatchula monga timawatchulira.

Nkhaniyi imasiya kuseketsa ikafika pa ndalama. Munthu asanaike PIN, foni imatchula dzina la wolandira, ndipo m'kamwa mwa liwu la Chingerezi mayina oyandikana ngati Banda ndi Bande kapena Mbewe ndi Mbawa akhoza kumveka ngati amodzi. Mapulogalamu onse awiri amalola kuwerenga chilembo chimodzichimodzi, ndipo dzina ndi nambala ya wolandira ziyenera kudutsa m'njira imeneyi ngakhale mzere wa kumbuyo ukudandaula.

N'chifukwa chakenso mauthenga a mawu a pa WhatsApp, amene anayamba mu 2013, ali pamtima pa osaona ambiri. Kachinsinsi kake n'kakuti uthenga ukayamba kulira munthu n'kuika foni kukhutu ngati akuyankha, mawu amasamukira ku kasipika kakang'ono ka pamwamba, minibasi yonse n'kumanidwa nkhani ya kumudzi.

Nanga PIN angailembe bwanji pagulu, foni ikutchula chilichonse?

Chida choyamba ndi mahedifoni. Ozolowera amavala khutu limodzi, linalo n'kulisiya kuti lizimva galimoto, kabaza ndi mapazi a amene wayandikira. Mu TalkBack muli posankha potchedwa Speak passwords. Pakazimitsidwa, foni imatchula zilembo za pasiwedi pokhapokha mahedifoni ali olumikizidwa.

Koma pali msampha umene ambiri saudziwa. Chitetezo chimenechi chimagwira pa malo okhawo amene foni ikuwazindikira kuti ndi a pasiwedi. Kabokosi kamene kamatuluka munthu akaimba *211#, *444# kapena *626# ya National Bank, pa mafoni ambiri ndi kabokosi wamba. Manambala a PIN amaoneka poyera, ndipo liwu limawatchula ngati manambala ena alionse, limodzi ndi ndalama zotsala zimene meseji ibwere nazo. Choncho pa nkhani ya ndalama mahedifoni alowe kaye, nyenyezi ibwere pambuyo.

Chida chachiwiri ndi kudetsa galasi. Pa iPhone chimatchedwa Screen Curtain: VoiceOver ili yoyaka, munthu amagogoda katatu ndi zala zitatu, galasi n'kuda bii, foni ikugwirabe ntchito. Mu TalkBack chili pa mndandanda wake, pa mawu akuti Hide screen. Wosaona sangadziwe kuti mnyamata wa mpando wakumbuyo wasolola khosi, koma galasi lakuda limathetsa nkhaniyo asanaiyambe. Pa mafoni ena limapulumutsanso moto wa batire, phindu losafunika kulifotokoza kwa aliyense amene anagonapo mumdima magetsi atazima.

Amene anaphunzira zilembo za Braille, kaya ku Chilanga ku Kasungu, ku Lulwe ku Nsanje kapena kwa aphunzitsi ochokera ku Montfort ku Nguludi, ali ndi mwayi wachitatu. Kuyambira 2014 pa iPhone ndi 2020 pa Android, galasi limatha kusanduka makina a Braille a madontho 6. Foni imagwiridwa chopingasa, zala n'kumagunda pamodzi. Ndi njira yofulumira, ndipo wosuzumira amene sadziwa Braille amavutika kutsatira zala.

Loko yabwino ndi iti: nambala, chojambula, chala kapena nkhope?

Chojambula chija cholumikiza madontho chichoke kaye pa mndandanda. N'chovuta kuchijambula ndi TalkBack, ndipo chala chimasiya mzere wa mafuta pagalasi umene wopenya amauona, mwini wake osadziwa kuti ulipo.

Chidindo cha chala ndicho chimapambana, pa chifukwa chimodzi: sichilankhula. Foni imatseguka popanda nambala yotchulidwa kapena yooneka. Komabe PIN imafunikabe foni ikazima n'kuyakanso, choncho ikhale ya manambala 6 ngati n'kotheka, isakhale chaka chobadwa, isakhale 1234, ndipo isafanane ndi ya Mpamba kapena Airtel Money. Amene wamva imodzi asapeze zonse.

Nkhope ili ndi nkhani yake. Face ID, imene Apple inabweretsa mu 2017, mwa chikhalire imafuna kuti mwini foni atsegule maso n'kuiyang'ana. Popeza osaona ambiri sangatero, lamuloli limazimitsidwa foni ikakonzedwa koyamba VoiceOver ili yoyaka. Zimathandiza, koma zikutanthauzanso kuti wina akhoza kulozetsa foni pankhope ya mwini wake ali m'tulo, n'kutseguka. Pa mafoni otchipa a Android nkhope imadziwika ndi kamera wamba, ndipo ena amapusitsidwa ndi chithunzi. Kunena chilungamo, chala cha munthu wogona nachonso chikhoza kugwiritsidwa ntchito, koma kumugwira dzanja osamudzutsa si kophweka ngati kumuloza ndi kamera.

Chotsala ndi mameseji amene amatulukira foni ili yokhoma. Akonzedwe kuti asamaonetse zam'kati, apo ayi nambala yotsimikizira ya ku banki imawerengedwa ndi aliyense amene watola foniyo patebulo.

Pa ejenti zimayenda bwanji?

Apa m'pamene zipata ziwiri zija zimakumana. Mwambo umene unazika mizu, ngakhale kwa openya, ndi wopereka foni kwa ejenti kuti "angopanga yekha", mwini wake n'kunong'oneza PIN kapena kuilemba ejenti akuona. Ma ejenti ambiri ndi anthu okhulupirika amene akungofuna mzere uyende. Koma pabenchi pamakhala anthu ena: wodikira, wogulitsa nthochi, mnyamata wongoima. PIN yonenedwa pakamwa yafika kwa onsewo.

Njira yabwino ndi yotembenuza mwambowo. Ejenti atchule nambala yake mokweza, mwini foni alembe yekha mahedifoni ali kukhutu, amve dzina la ejenti ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako PIN. Asachoke meseji yotsimikizira isanafike ndi kumveka. Kukhala ndi ejenti mmodzi kapena awiri odziwika, amene nambala zawo zinalowezedwa, kumachepetsa zambiri.

Ndalama za pepala ndi mutu wina. Pulogalamu ya Lookout ya Google imazindikira madola a ku America, mayuro ndi marupi a ku India, koma kwacha mulibe. Choncho nzeru zakale zikugwirabe ntchito: kupempha mtundu umodzi wokha wa ndalama, mwachitsanzo ma K5,000 okhaokha kapena ma K2,000 okhaokha, kuwerenga mapepala ndi zala pomwepo, ndi kupinda mtundu uliwonse mwa njira yake polowetsa m'thumba. Ndipo pamene zingatheke kulipira ndi foni, monga mayunitsi a ESCOM kapena bilu ya madzi, palibe chifukwa chotapira ndalama n'komwe.

Mameseji a akathyali angawadziwe bwanji osaona?

Nyimbo zawo n'zodziwika m'Malawi monse. "Ndatumiza ndalama molakwika, chonde bwezani." "Mwapambana mphoto." "Mwana wanu wagonekedwa kuchipatala." "Katundu wanu wochokera ku Joni wagwidwa pa Mwanza, tumizani ya kasitomu." Ena amaimba modzichepetsa kuti ndi a ku kampani ya foni, akufuna kukonza akaunti, angowauza PIN. Akuluakulu a boma akhala akunena poyera kuti ena mwa oimbawa amakhala ali m'ndende.

Kwa wosaona vuto lapadera n'lakuti TalkBack ilibe tsankho. Meseji yabodza ndi yeniyeni imaziwerenga ndi liwu limodzi, mwaulemu womwewo. Meseji yabodza ya "mwalandira K50,000" imakopera mawu a yeniyeni bwinobwino, ndipo kusiyana kumakhala pamwamba, pa wotumiza: yeniyeni imabwera m'dzina la kampani, yabodza kawirikawiri imachokera pa nambala wamba. Wopenya amaona zimenezi mongodutsa, koma womvetsera amayenera kubwerera dala ndi chala kukamva wotumizayo. Chodalirika kuposa zonse ndi kusakhulupirira meseji n'komwe, koma kuimba nyenyezi ija n'kumva ndalama zimene zilimo. Ngati wina analakwitsadi, kampani ili ndi njira yake yobwezera, ndipo si ntchito ya wolandira kutumiza ku nambala imene wauzidwa pafoni.

Ena amati osaona sanamizika pa mawu chifukwa makutu awo ndi akuthwa. N'zoona kuti amadziwa mawu a abale awo kuposa ambiri, koma kudalira zimenezi kwayamba kuopsa, chifukwa pali mapulogalamu a kompyuta amene amatsanzira mawu a munthu akangomva kachidutswa ka zolankhula zake. Wopempha ndalama mwachangu, ngakhale amveke ngati malume enieni, adulidwe kaye, kenako aimbiridwe pa nambala imene inasungidwa kale m'foni. Akathyali amadalira phuma, pamene akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi si bwino kungouza m'bale wokhulupirika PIN kuti azithandiza?

Funso ili ndi lowawa, chifukwa yankho lake limamveka ngati kunyoza anthu amene amadzipereka tsiku ndi tsiku. Othandiza ambiri sanatengepo ngakhale tambala. Koma nkhani si ya kuba kokha. Mdzukulu wobwereka foni kuti aimbire mnzake akhoza kutenga ngongole ya mayunitsi ya Kutapa kapena Pasavute, agogo n'kudzadabwa mayunitsi awo akudyedwa. Wina amayesa mwayi pa kubetcha mpira ndi mtima wakuti abweza akawina. Ndipo ngakhale pasasowe kanthu, munthu wamkulu amene aliyense m'nyumba akudziwa ndalama zake ndi mameseji ake wasanduka mwana pakhomo pake pomwe.

Chimene chimathandiza ndi kugawa ntchito. Wopenya athandize zofuna maso, monga kukonza foni koyamba, kulumikiza akaunti ya Google kapena kuwerenga pepala. Ikafika nthawi ya nambala yachinsinsi, foni ibwerere kwa mwini wake, galasi lide. Ngati PIN inanenedwa chifukwa panalibe kuchitira mwina, isinthidwe tsiku lomwelo.

Pali zinthu zitatu zoyenera kuzifufuza nthawi ndi nthawi, ndipo zonse TalkBack imaziwerenga. Mu Settings muli mndandanda wa zidindo za zala zimene foni imazidziwa, ndipo ngati mwini wake anaika ziwiri koma zikumveka zitatu, chachitatucho chili ndi mwini wake. Mu WhatsApp muli gawo la Linked devices, losonyeza ngati wina akuwerenga mauthenga pa kompyuta kapena foni ina. Chachitatu ndi simu khadi. Kuyambira 2018, pamene bungwe la MACRA linalamula kuti manambala onse alembetsedwe, nambala imamangidwa pa chiphaso cha unzika. Simu yolembetsedwa m'dzina la mlongo kapena mwana "kuti zisavute" ndi ya mlongoyo pamaso pa kampani, pamodzi ndi ndalama zili m'menemo, ndipo tsiku lokangana kapena la maliro zimenezi zimaonekera.

Nanga mapulogalamu amene amabwereka munthu maso?

Yotchuka ndi Be My Eyes, imene inayambitsidwa mu 2015 ndi Hans Jørgen Wiberg wa ku Denmark, yemwenso ali ndi vuto la maso. Wosaona amaimba, munthu wongodzipereka kwinakwake pa dziko amayankha, n'kumaona kudzera pa kamera ya foni: malaya awa ndi a mtundu wanji, botolo ili lalembedwa chiyani, kiyi wagwera pati. Mu 2023 anawonjezera Be My AI, imene imafotokoza chithunzi popanda munthu. Seeing AI ya Microsoft inatuluka mu 2017 pa iPhone n'kufika pa Android kumapeto kwa 2023, ndipo Lookout inabwera mu 2019. Zonsezi zimawerenga zolembedwa pa pepala, pa paketi ndi pa chikwangwani.

Ubwino wake ndi woonekeratu: mlendo wa kutali sadziwa mudzi wa woimbayo ndipo sakafalitsa nkhani pachitsime. Koma ndi mlendo ndithu. Khadi la ku banki, chiphaso cha unzika, pasiwedi yolembedwa pa pepala, zisaonetsedwe kwa wodzipereka. Kamera imaonanso zambiri kuposa zimene mwini wake akuganiza, kuphatikizapo ana osavala ndi makalata ali patebulo. Mapulogalamu ofotokoza zithunzi nawo amalakwitsa molimba mtima, choncho pa mlingo wa mankhwala mawu omaliza akhale a dokotala kapena wa ku famase. Ndipo kuimba kwa vidiyo kumameza bandulo.

Akuti pali mavayirasi amene amalowera pa khomo lomwelo la TalkBack. N'zoona?

N'zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni. Kuti TalkBack igwire ntchito, Android imaipatsa chilolezo chowerenga zonse zili pagalasi ndi kukanikiza mabatani m'malo mwa munthu. Chilolezo chimenechi, cha Accessibility, ndi chimene mapulogalamu akuba amachisirira. FluBot, imene inafala ku Ulaya kudzera m'mameseji onama za katundu wa pa positi mpaka apolisi a mayiko angapo mogwirizana ndi Europol anaigwetsa mu 2022, inkapempha chilolezo chomwechi, kenako n'kumawerenga mapasiwedi a ku banki ndi nambala zotsimikizira. Kuyambira pa Android 13 ya 2022, Google inayamba kutsekereza mapulogalamu otengedwa kunja kwa Play Store kuti asachipeze mosavuta, koma mafoni ambiri ali m'manja mwa anthu ndi akale kuposa pamenepo.

Wosaona ali pa chiopsezo chapadera chifukwa kwa iye mawu akuti Accessibility ndi a bwenzi, anawazolowera kuwavomera. Komanso m'magulu a pa WhatsApp mumayenda mafayilo a mapulogalamu olonjeza liwu lokoma laulere kapena WhatsApp ya zinthu zambiri. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu ya tochi, ya nyimbo kapena ya ngongole ilibe chifukwa chopemphera chilolezo chimenechi, ndipo mndandanda wa amene anapatsidwa umapezeka pa gawo lomwelo la Accessibility, pomwe dzina lachilendo likhoza kuzimitsidwa.

Foni ikasowa kapena kubedwa?

Kusowa kwambiri kwa foni ya wosaona kumachitikira m'nyumba momwemo, pansi pa pilo kapena kuseri kwa mpando. Find My ya Apple ndi inzake ya Google, imene inkatchedwa Find My Device ndipo tsopano ndi Find Hub, zimatha kuiliza kuchokera pa foni ina ngakhale itatsekedwa mawu. Ikabedwa, njira yomweyo imaikhoma kapena kufufuta zonse zili m'kati, bola ikhale kuti inatsegulidwa foni isanasowe.

Wakuba wochenjera salimbana ndi loko ya foni. Amasolola simu n'kuiika m'foni ina, ndipo mameseji onse otsimikizira amayamba kufikira kwa iye. Mankhwala ake ndi PIN ya simu, yosiyana ndi ya foni, imene imafunsidwa simu ikalowa m'foni iliyonse. Poiika pafunika kusamala: kulakwitsa katatu kumakhoma simu mpaka ipatsidwe nambala ya PUK, ndipo kulakwitsa PUK ka 10 kumaipheratu. WhatsApp nayo ili ndi Two-step verification, PIN ya manambala 6 imene imalepheretsa wina kusamutsa akaunti. Nambala imene WhatsApp imatumiza pa meseji isaperekedwe kwa aliyense, ngakhale wopemphayo alembe m'dzina la mnzake wa kutchalitchi.

Kuimba *#06# kumatulutsa nambala ya IMEI, imene apolisi amaifunsa. Isungidwe kunja kwa foni, pa Braille kapena kwa munthu wodalirika, limodzi ndi nambala ziwiri kapena zitatu za abale zolowezedwa pamtima. Choyamba kuchita foni ikabedwa ndi kudziwitsa kampani kuti itseke simu, polisi pambuyo. Kumene kulibe magetsi, foni yosiyidwa pa shopu yotchajira izimitsidwe kaye, chifukwa ikayakanso imafuna PIN, osati chala kapena nkhope.

Nanga amene amaona pang'ono?

Ndiwo ochuluka. Bungwe la WHO limati anthu osachepera 2.2 biliyoni pa dziko ali ndi vuto la kuona, ndipo osaoneratu ndi gawo laling'ono la chiwerengerochi. M'Malawi muli okalamba a ng'ala, odwala shuga, ndi anthu achialubino, amene kalembera wa 2018 anawapeza oposa 134,000 ndipo ambiri mwa iwo amaona movutikira. Awa safunikira TalkBack nthawi zonse. Zilembo zikhoza kukulitsidwa, galasi likhoza kukuzidwa ndi Magnification pa Android kapena Zoom pa iPhone, mtundu ukhoza kutembenuzidwa kuti zilembo zoyera zikhale pa chakuda kwa amene kuwala kumawalasa m'maso, ndipo Select to Speak imawerenga ndime yokhayo imene munthu waloza. Chenjezo lawo ndi losiyana: zilembo zimene zakula kuti mwini wake azione pafupi, wokhala mipando iwiri kumbuyo akuziwerenganso bwino lomwe.

Kodi zonse zili pa mapewa a mwini foni?

Ayi. Pali malo amene luso la chala silithandiza. Wolemba pulogalamu ya banki akaiwala kupatsa mabatani mayina, TalkBack imangoti "button", kenako "button", osanena kuti lotumiza ndi liti, lofufuta ndi liti. Masamba ena a pa intaneti amafuna munthu asankhe zithunzi za mabasi kapena alembe zilembo zokhotakhota kuti atsimikize kuti si makina, ndipo ngati palibe njira ya mawu, wosaona amaitananso wothandiza pa khomo lenileni la akaunti yake. Mndandanda wa nyenyezi umene umadzitseka liwu lisanamalize kuuwerenga nawo unakonzedwa ndi munthu amene ankayeza nthawi ndi maso.

Malawi ali ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa makina, lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, ndi lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012 n'kusintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Mabungwe monga Malawi Union of the Blind ndi FEDOMA ndi makomo amene dandaulo la munthu mmodzi limatha kusanduka la gulu, ndipo madandaulo okhudza makampani a mafoni amalandiridwa ku MACRA. Dandaulo limene wokonza pulogalamu angaligwiritse ntchito ndi lotchula zinthu: dzina la pulogalamu, mtundu wa foni, tsamba limene munthu anafikapo, ndi mawu enieni amene TalkBack inanena chala chitafika pa batani lotumizira ndalama.